Mkono wa Tadeyo Muhiwa

Panali munthu wina, Aphunzitsi a Gamaliyeli Nakhumwa, amene anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni mpaka imvi zinadzaza mutu. Atapuma pa ntchito, mpingo unawapempha kuti azikaphunzitsa anyamata m'ndende ina ya kumapiri. Anali masiku aja dziko lili m'manja mwa azungu. Mkulu wa ndendeyo anali Bwana Halifodi, ndipo wosunga makiyi ake anali Sajeni Mbalule. Pakati pa akaidi panali mnyamata dzina lake Tadeyo Muhiwa, amene anamugamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse.

Mlandu wake unali wotere. Tadeyo anakulira pa esiteti ya tiyi, ndipo mnzake wosewera naye anali mwana wa mzungu mwini esitetiyo. Tsiku lina awiriwo anaba mfuti ya bwanayo, napita kukasaka nguluwe m'mphepete mwa nkhalango. Tchire linagwedera. Anawombera mosinthana, akuseka. Koma m'tchiremo munalibe nguluwe. Munali Mayi Phwanyiwa akutola nkhuni, ndipo anafera pomwepo. Palibe anadziwa kuti chipolopolo chimene chinawapha chinali cha yani.

Bwalo la milandu linati mwana wa mzunguyo ndi mwana, tsogolo lake lisawonongeke chifukwa cha tsoka la tsiku limodzi. Anamukweza sitima, napita kusukulu kutsidya la nyanja. Za Tadeyo bwalo lomwelo linati ndi munthu wamkulu wodziwa chimene akuchita. Mfuti inali imodzi, maliro amodzi, koma zigamulo ziwiri.

M'ndendemo sukulu inali ya okhawo amene adzatuluke. Anyamata a moyo wonse ankaphwanya miyala kuseri kwa waya, moyang'anana ndi zenera la kalasi. A Nakhumwa ankaphunzitsa nyundo zikulira, ndipo akatembenuka ankaona maso ali pa waya. Zinawasowetsa mtendere. Anavula chipewa napita kwa Bwana Halifodi.

"Bwana, aja akuphwanya miyalawo ndipatseni ndiwaphunzitse."

"Choko ndi cha boma, mphunzitsi. Munthu wosatuluka, kuwerenga adzakuchita chiyani?"

"Mutu wake sanaugamule, Bwana. Anagamula miyendo."

Bwana Halifodi anaseka, nati awapatsa mmodzi yekha, wongoyesera. Bwana Jaji woyendera ndende akadzabwera pakutha pa chaka, mnyamatayo adzawerenge ndi pakamwa pake pamaso pawo. Akadzatero, khomo la kalasi lidzatsegukira anyamata onse a moyo wonse. Akadzalephera, nkhaniyo isadzatchulidwenso. Aphunzitsi anavomera, ndipo anasankha Tadeyo, chifukwa ndiye amene maso ake sankachoka pa bolodi.

Tsono a Nakhumwa anali munthu wa dongosolo. Sileti ankafuna yotsuka, mzere wowongoka, kolala yokhala m'malo mwake. Koma lamulo lawo lalikulu linali la mkono. M'kalasi mwawo munthu sankayankhula asanakweze mkono, ndipo mkonowo uwongoke mpaka m'mwamba, osapinda chigongono, osaliza zala. Iwo sankaloza wophunzira amene sanakweze. Ankati, "Mkono ndiwo uodira pakhomo. Pakamwa pamalowa pambuyo."

Tadeyo anakhala pa benchi ya kumbuyo. Malaya ake a ukaidi anali omuthina, ndipo aphunzitsi anaipidwa nawo, poganiza kuti ndi kusasamala. Koma atatenga sileti yake anaiwala malayawo. Mnyamatayo ankameza maphunziro ngati nthaka ya mu Okutobala ikalandira mvula yoyamba. Zilembo anazigwira mwezi usanathe. Anadutsa anzake amene anayamba kale. Kuchotsera, kuchulukitsa, mawu a Chingerezi, zonse zinkaoneka pa siletipo zili zoyera ngati zosindikiza. A Nakhumwa, amene ankayenda ndi ndodo, anayamba kufika pa chipata cha ndende ndodo ili m'khwapa. Kunyumba akazi awo anatopa ndi dzina la Tadeyo.

"Bambo, kodi mwapeza mwana wina ku ndendeko?"

"Mayi, ndapeza mutu. Zaka zonse zija kumishoni sindinaonepo wotere. Khomo lija litseguka, muona."

Koma panali chinthu chimodzi. Tadeyo sankakweza mkono. Aphunzitsi akafunsa funso, manja ankamera kalasi yonse, a odziwa ndi a osadziwa omwe. Wa Tadeyo unkakhala pa bondo. Milomo yake inkagwedera ndi yankho, maso ake akuwala, koma zigongono zili zomata m'nthiti. Ndipo popeza sanakweze, sanafunsidwe. Miyezi inapita, mawu ake asanamveke m'kalasimo.

Anzake anamupeza poseka.

"Iwe wa moyo wonse, uli ndi chithupsa m'khwapamo?"

"Musiyeni, akusungira mkono nyundo. Mwala wake ukumudikira."

"Ukuphunzira kuti udzalembere yani, chiswe cha kumanda?"

Aphunzitsi anawaletsa, koma mumtima nawonso anakwiya. Anaganiza kuti ndi mwano wa mwana amene wazindikira kuti ndi wanzeru. Anamuimika kutsogolo tsiku lathunthu. Anamulanda sileti. Anamuuza kuti kunyada kumatsogolera kugwa. Tadeyo analandira zonse ali chete, mkono uli pomwepo. Ndipo chaka chinali kutha.

Madzulo ena, aphunzitsi akutuluka, Sajeni Mbalule anachedwa dala kutsegula chipata.

"Aphunzitsi, mnyamata uja musamuyese wamwano. Mkono uja unakwezedwapo kale, ndipo woukweza ndinali ine."

"Mukuti bwanji, a Sajeni?"

"Ndine ndinamuperekeza kukhoti. Mwana wa bwana uja anali ndi chikalata cha kubadwa. Uyu analibe. Bambo ake anaimirira nati onse awiri anabadwa chaka cha dzombe, mvula imodzi, ndipo amayi ake a Tadeyo ndiwo ankabereka onsewo kumbuyo. Azungu anaseka, nati dzombe si kalendala. Woweruza anati tichite monga amachitira okhometsa msonkho pofuna kudziwa amene wakula. Anandiuza ine. Ndinamuvula malaya pamaso pa anthu, amayi ake ali pomwepo, ndi kumukweza mkono. Anasuzumira m'khwapa. Munali titsitsi tonga ndevu za chimanga chanthete. Anati basi, ndi wamkulu ameneyu." Sajeni anayang'ana makiyi ake. "Kuchokera tsiku limenelo, ngakhale posamba sakweza."

A Nakhumwa anaima ngati munthu amene waponda minga. Anakumbukira tsiku lija anamuimika kutsogolo.

"Koma musadandaule," anatero Sajeni. "Tsiku la Bwana Jaji ndidzaima kumbuyo kwake. Ndidzangomukankha chigongono pang'ono, palibe adzaone."

"Ayi, a Sajeni. Munaukweza kamodzi. Zakwana."

Njira yapafupi inalipo, ndipo aphunzitsi ankaiona bwino lomwe. Akanatha kungomuloza mnyamatayo pa tsikulo, iye n'kuwerenga, khomo n'kutseguka. Palibe akanawadzudzula. Anailingalira njirayo ulendo wonse wobwerera kwawo. Koma anaona kuti akatero, Tadeyo adzawerenga ali yemwe uja wa kukhoti, wochita zinthu chifukwa wamkulu wamugwira. Adzadziwa mabuku onse, koma sadzayamba wapempha yekha malo oyankhulira pakati pa anthu. Ndipo iwo sanabwere kundende kudzadzaza masileti.

M'mawa mwake anamupeza akudetsa bolodi, monga ankachitira masiku amenewo, ndi makala osinja pamodzi ndi masamba a mbatata.

"Tadeyo, ndamva za kukhoti. Ndinakulakwira pokuyesa wamwano."

Mnyamatayo anasiya kupaka. Aka kanali koyamba mkulu kumupepesa.

"Koma lamulo langa silisintha," anatero aphunzitsi.

"Aphunzitsi, mudzangondiloza. Ndidzawerenga zonse, ngakhale za Chingerezi."

"Ndikakuloza, ndiye kuti ndakukweza mkono ndine."

"Nanga ukadzakana? Anzanga aja akudikira ine. Akandiona amandifunsa kuti lero mwaphunzira chiyani, ndimawalembera pa mwala."

"Ukadzakana, talephera tonse, ine woyamba. Mwana wanga, tsiku lija anaukweza kuti akuone ngati mbuzi ya pa msika. Muno ukakwera, ukwera chifukwa mwini wake ali ndi mawu. Ndi mkono womwewo, koma si nkhani imodzi."

Tadeyo anapitiriza kupaka, koma m'munsi mokha mwa bolodi. Kumtunda anapaka aphunzitsi.

Tsiku linafika. Ndende yonse inadzuka ili piringupiringu. Anasesa bwalo, napaka njereza miyala ya m'mbali mwa njira. A Nakhumwa anavala jekete lawo la pa Mgonero. Galimoto italira pa chipata, nyundo za kuseri kwa waya zinaleka zokha, ndipo alonda sanakalipe, chifukwa nawonso makosi anali atatalika. Analowa Bwana Jaji Kolivini, munthu wowonda wa magalasi, amene sanali uja anaweruza mlanduwo. Pambuyo pake panali Bwana Halifodi, ndipo Sajeni Mbalule anakaima kumbuyo, pafupi ndi benchi ya Tadeyo.

Aphunzitsi analemba pa bolodi ndime ya Chingerezi yonena za kafesedwe ka mbewu. Anatembenuka.

"Ndani atiwerengere?"

Manja anamera ngati bango. Wa Tadeyo unali pa bondo.

"Loza uyo wa kumbuyoyo, mphunzitsi," anatero Bwana Halifodi. "Ndiye tadzera."

"Pepani, Bwana. M'kalasi muno sindiloza munthu. Amayankha amene wakweza mkono."

"Ndiye kuti sadziwa."

"Tidikire, Bwana."

Anadikira. Manja a ena aja anayamba kutopa, natsika limodzilimodzi. Bwana Jaji anatulutsa wotchi. Sajeni Mbalule anasendera phazi limodzi, dzanja lake likupita ku chigongono cha mnyamatayo. Aphunzitsi anagogoda ndodo pansi kamodzi, ndipo Sajeni anabwerera. Mtima wa a Nakhumwa unkagunda ngati mtondo wa akazi awiri. Pa zenera ankaona nkhope zija zitakanikiza waya. Anadzifunsa ngati sanagulitse ana onsewo chifukwa cha kuuma mutu kwa nkhalamba. Bwana Halifodi anayamba kuvala chipewa.

Pamenepo dzanja la Tadeyo linachoka pa bondo. Linafika pa chifuwa, n'kuima. Thukuta linali kuyenderera m'masaya mwake. Linafika pa khutu. Kenaka mkono wonse unawongoka, tholo, zala zikuloza kudenga, monga momwe lamulo linkafunira.

Ndipo malaya aja anang'ambika, kwee, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno.

Kalasi inaphulika ndi phwete. Khwapa lija linali poyera, pamaso pa azungu awiri, monga tsiku lija. Koma mkonowo sunatsike.

"Tadeyo Muhiwa," anatero aphunzitsi, "werenga."

Anaimirira nawerenga. Mawu ake anali aakulu, ndipo anzake anadabwa chifukwa anali asanawamvepo. Anapunthwa pa liwu limodzi lalitali, nabwerera, naligwira, napitirira mpaka kumapeto. Bwana Jaji anamufunsa tanthauzo la ndimeyo, ndipo iye anakwezanso mkono asanayankhe, nafotokoza m'chinenero chathu. Kuseri kwa waya kunamveka mfuwu. Anyamata aja anatola nyundo nayamba kumenya miyala pamodzi, mwa kayimbidwe, ngati ng'oma za chikondwerero, fumbi likukwera. Amene ankamuseka aja ndiwo anayamba kuwomba m'manja. Sajeni Mbalule anayang'ana kukhoma, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Bwana Halifodi sanakondwe. Analoza malayawo.

"Kuwerenga wawerenga. Koma wang'amba katundu wa boma. Chilango chake ndi chipinda cha mdima, ndipo wolangidwa salowa m'kalasi."

Phokoso linazima. A Nakhumwa anayang'ana malaya aja amene ankawaipira chaka chonse. Anaona manja ake akulekera pamwamba pa chigongono, ndi mabatani okokana pa chifuwa. Ndipo chinthu chinawatsegukira m'mutu, mwakuti anaiwala lamulo lawo lomwe, nayamba kuyankhula. Anadzigwira, nakweza mkono wawo pamaso pa Bwana Jaji. Bwana Jaji anagwedeza mutu movomera.

"Bwana, amene wang'amba malayawa si iye. A Sajeni, kusitolo ya ndende mkaidi amalandira muyeso wanji akabweza malaya akutha?"

"Womwe analowa nawo, Aphunzitsi. Lamulo limati wamkulu sasintha muyeso."

"Nanga tsiku lolowa, muyeso umenewu unamukwana bwanji?"

"Ndinamuveka ndine. Unkamufika m'mawondo, manja tinachita kupinda. Ndipo kukhoti kuja mutu wake unkalekera pa thumba langa ili."

Bwana Jaji analamula kuti awiriwo aime moyandikana. Tadeyo anali kuyang'ana pamwamba pa chipewa cha Sajeni.

"Bwana," anatero a Nakhumwa, "ine ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse. Amene malaya amamuthina chaka ndi chaka ndi mwana. Bwalo linati uyu ndi wamkulu, koma thupi lake silinamve chigamulocho. Lapitiriza kukula m'manja mwa boma, pa chakudya cha boma, ndipo mboni yake ndi malaya a boma."

Bwana Jaji anavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali. Anaitanitsa malayawo, nawapinda yekha, nawaika m'chikwama chake.

Chigamulo chinatuluka pawiri. Choyamba chinanenedwa pomwepo, kuti za chipinda cha mdima zilekeke, ndipo anyamata onse a moyo wonse alowe m'kalasi kuyambira m'mawa mwake. Chachiwiri chinabwera mlandu utaunikidwanso. Bwalo linavomera kuti Tadeyo anali mwana pa tsiku la mfuti lija. Linachotsa mawu akuti moyo wonse, niliika zaka zowerengeka, chifukwa magazi a Mayi Phwanyiwa sanali a nguluwe, ndipo dzanja lake linagwira nawo mfutiyo. Linalamulanso kuti anyamata ena onse amene anayezedwa m'khwapa milandu yawo ionedwenso.

Tsiku limenelo a Nakhumwa anakwezanso mkono m'bwalomo.

"Nanga mnzake uja, Bwana? Mfuti inali imodzi."

Bwana Jaji anasonkhanitsa mapepala ake, nati nkhani imeneyo siinabwere pamaso pake.

Inu amene mukumva fanizoli, makolo, aphunzitsi, akulu a mpingo, ndi inu amene mudzakhale pa mipando yoweruzira, ine sindikuti mwana wolakwa asalangidwe. Dziko lopanda chilango ndi munda wopanda malire. Ndikuti muyeso ukhale umodzi. Ngati mwana wanu mumuyeza ndi chikalata, wa mnzanu musamuyeze m'khwapa chifukwa khungu lake kapena thumba la atate ake ndi lina. Ndikutinso musatseke mpaka imfa munthu amene sanathe n'kukula komwe, pakuti simudziwa amene mukumutsekerayo adzakhala yani. Ndipo muli m'kati momulanga, muphunzitseni, osati kuti angodzaza sileti, koma mpaka adzakweze mkono yekha.

Chigamulo chija Aphunzitsi a Nakhumwa anachilandira, ngakhale anati chafika theka la njira. Sajeni Mbalule anachilandira, napita yekha kusitolo kukasankha malaya a muyeso watsopano. Bwana Halifodi anachilandira chifukwa chinachokera kumwamba kwake. Ana a Mayi Phwanyiwa anachilandira, nati mmodzi walipa, winayo adzayankha kwa Mulungu. Tadeyo Muhiwa anachilandira ataimirira, nati zaka zotsalazo ndi zake ndithu, ndipo azigwirira ntchito pophunzitsa anzake a benchi ya kumbuyo. Amene anachikana ndi mwini esiteti yekha. Iye anati nkhaniyo inatha kalekale.